Dzina la seva likasowa, musathamangire kunena kuti intaneti yathawa

A Mkonzi,

Tipatseniko danga tifotokoze za vuto limene likusautsa anthu oyang'anira makompyuta m'masukulu, m'zipatala zing'onozing'ono, m'masitolo ndi m'maofesi a kuno ku Tete, makamaka ku Angónia, Tsangano, Macanga ndi Moatize. Malo ambiri otere masiku ano ali ndi seva yawoyawo, kompyuta imodzi yokhala pakona imene imasunga kaundula wa katundu, mabuku a ana asukulu kapena pulogalamu yolembera malonda, ndipo makompyuta ena onse amaipeza kudzera pa rauta ya m'nyumba momwemo. M'mawa wina munthu amalemba dzina la seva ija monga mwa masiku onse, kompyuta n'kuyankha kuti dzinalo siikulidziwa. Pompo mawu amamveka akuti intaneti yathawa. Wina amathamangira kukagula mamega, wina amazimitsa ndi kuyatsa rauta kasanu, ndipo ntchito imaima mpaka masana. Chonsecho seva ndi kompyutayo zatalikirana mamita asanu okha, ndipo uthenga wa pakati pawo sutuluka n'komwe panja pa mpanda.

Makompyuta sadziwana ndi mayina. Amadziwana ndi manambala, adiresi ya IP, monga 192.168.1.10. Munthu akalemba dzina, kompyuta iyenera kupeza kaye nambala yake, ndipo malo oyamba amene nthawi zambiri imayang'ana ndi kafayilo kakang'ono kotchedwa hosts. Kafayiloka n'kakale kuposa DNS, njira imene kompyuta imafunsira kwa seva ina nambala ya dzina. M'masiku a ARPANET, netiweki imene inatsogolera intaneti, mayina onse ankalembedwa m'fayilo imodzi, HOSTS.TXT, imene inkasungidwa ku Stanford Research Institute ku California, ndipo aliyense ankakopera kuchokera kumeneko. Makompyuta atachuluka njirayi inalephera, ndipo mu 1983 Paul Mockapetris anakonza DNS. Fayiloyo siinatayidwe. Pa Linux ili pa /etc/hosts, pa Windows ili pa C:\Windows\System32\drivers\etc\hosts, ndipo kwa ife amene intaneti yathu imabwera n'kupita, ndi chida chabwino chifukwa siidalira aliyense wakunja. Mzere wake umayamba ndi adiresi, kenako dzina lathunthu, kenako mayina achidule ngati alipo:

192.168.1.10   kaundula.home.arpa   kaundula

Chinthu choyamba pamene zavuta ndi kusiyanitsa matenda awiri amene amafanana pamaso. Lembani ping -c 3 192.168.1.10, lamulo loyesera ngati nambalayo ikuyankha, pa kompyuta imene ikudandaula, ndipo pa Windows chotsani -c 3. Ngati nambala siikuyankha, dzina lilibe mlandu: onani chingwe, switch, Wi-Fi, kapena seva yeniyeniyo ngati yayaka. Ngati nambala ikuyankha koma ping kaundula ikukana, pamenepo ndiye nkhani ya dzina yayamba. Mawu amene kompyuta yayankha muwawerenge bwino, chifukwa amalozera kumene kuli chilonda. "Name or service not known" akutanthauza kuti yafunsa ndipo yauzidwa kuti dzinalo kulibe. "Temporary failure in name resolution" akutanthauza kuti dzinalo silinapezeke m'fayilo, kompyuta yapita kukafunsa DNS, ndipo DNS siinayankhe. "Connection refused" ndi "No route to host" ndi nkhani ina, dzina lapezeka kale ndipo vuto lili patsogolo. Makompyuta ambiri kuno amalankhula Chipwitikizi, choncho mukafuna kuona uthengawo m'Chingelezi kuti mufufuze mosavuta, yambani lamulolo ndi LC_ALL=C.

Apa ndi pamene amisiri ambiri, ngakhale odziwa ntchito, amasokera. Amalemba dzina m'fayilo ya hosts, n'kuyesa ndi nslookup kapena dig, n'kuona kuti dzinalo silikupezeka, ndiye amati fayilo siikugwira ntchito. Mapulogalamu amenewa, pamodzi ndi ina yotchedwa host, sawerenga fayilo ya hosts. Ntchito yawo ndi kufunsa seva ya DNS mwachindunji. Kuwafunsa za hosts kuli ngati kufunsa kwa mfumu dzina limene linalembedwa m'kope la m'nyumba mwanu. Lamulo loyenera pa Linux ndi getent hosts kaundula, kapena getent ahosts kaundula ngati mukufuna kuona maadiresi onse ndi ndondomeko imene abwerere. Getent imadutsa njira yomweyo imene ping, ssh, curl ndi mapulogalamu ambiri amadutsa, choncho yankho lake ndi limene muyenera kulikhulupirira. Pa Windows gwiritsani ntchito ping, kapena Resolve-DnsName mu PowerShell, chifukwa nslookup ya kumeneko nayonso imalambalala fayiloyo. Pali kanthu kamodzi kosokoneza pa Ubuntu wa masiku ano: fayilo ya /etc/resolv.conf imaloza ku 127.0.0.53, kumene kuli systemd-resolved, pulogalamu yofufuza mayina ya m'kompyuta momwemo, ndipo iyeyu amawerenga /etc/hosts. Ndiye dig ikhoza kukupatsani yankho lochokera m'fayilo, inu n'kumaganiza kuti lachokera ku DNS ndipo makompyuta ena nawonso alipeza. Kuti mudziwe zimene DNS yeniyeni ikunena, itchuleni ndi nambala yake, mwachitsanzo ya rauta: dig @192.168.1.1 kaundula.

Getent ikalephera pamene dzina lili m'fayilo, tsegulani /etc/nsswitch.conf muone mzere woyamba ndi hosts:. Mawu akuti files ayenera kukhalapo, ndipo akhale patsogolo pa dns. Akakhala pambuyo, kompyuta imayamba yafunsa kunja, ndipo DNS ikakhala chete imadikira. Mwa chikhalire chake imadikira masekondi 5 pa seva iliyonse ndipo imayesa kawiri. N'chifukwa chake mumamva anthu akuti pulogalamu imatseguka msanga intaneti ikakhalapo koma imachedwa intaneti ikachoka, ngakhale kuti zonse zili m'chipinda chimodzi.

Zolakwika zambiri zili m'fayilo momwemo, ndipo fayiloyi siidandaula. Mzere wolakwika imangoudumpha mwakachetechete. Ena amayamba ndi dzina n'kumaliza ndi nambala. Ena amalemba http:// patsogolo pa dzina, kapena amawonjezera port, nambala ya khomo limene pulogalamu imamvetsera, kumapeto monga 192.168.1.10:8080, pofuna kuti Kolibri, pulogalamu ya maphunziro, kapena pulogalamu ina yotere izitseguka popanda kulemba nambalayo. Fayilo ya hosts siidziwa za port ngakhale pang'ono, ndipo siilola nyenyezi, kotero *.home.arpa sizitheka, dzina lililonse lilembedwe palokha. Chizindikiro cha # chimapha zonse zimene zili kumanja kwake pa mzerewo, ndipo fayilo ya Windows imabwera ndi mizere yachitsanzo yoyamba ndi chizindikirochi, ndiye munthu amasintha nambala pa mzere wachitsanzo n'kusiya # pomwepo.

Chobisika kwambiri ndi mpata wabodza. Mzere ukakoperedwa kuchokera mu Word, mu PDF kapena pa tsamba la pa intaneti, pakati pa nambala ndi dzina pakhoza kulowa chilembo chooneka ngati mpata koma chisali mpata wamba. Maso sangachione. Lembani cat -A /etc/hosts, ndipo mukaona M-BM- pakati pa mawu, fufutani mzerewo muulembe ndi manja. Ife timalangiza kuti mizere ya hosts izilembedwa ndi manja nthawi zonse, popeza ndi yaifupi.

Onaninso ngati dzina silinalembedwe kawiri, ndi grep -n kaundula /etc/hosts. Zimachitika seva ikasinthidwa: wina amawonjezera mzere watsopano pansi osachotsa wakale pamwamba. Pamenepo wakale uja ndi umene umapambana, kapena, ngati mu /etc/host.conf muli multi on monga zimakhalira pa Debian ndi Ubuntu, maadiresi onse awiri amabwera ndipo pulogalamu ikhoza kuyamba ndi yakufayo n'kudikira nthawi yaitali isanayese inayo. Chilolezo cha fayilo nachonso chimapusitsa. Iyenera kukhala ya root, akaunti yolamulira kompyuta yonse, ndipo chilolezo chake chikhale 644, kuti aliyense athe kuiwerenga. Ikakhala 600, kutanthauza kuti root yekha ndiye angaiwerenge, inu amene mukuyesa ngati root muona zonse zili bwino, pamene mapulogalamu a pa seva monga Apache kapena PostgreSQL, amene amayenda ndi akaunti ina, sakuona kanthu. Yesani monga iwowo: sudo -u www-data getent hosts kaundula. Pa Rocky Linux, AlmaLinux ndi abale awo amene ali ndi SELinux, chitetezo chimene chimaika chizindikiro pa fayilo iliyonse, mukakonzera fayiloyo kwina n'kuisamutsa ndi mv imabwera ndi chizindikiro cha kumene yachokera, ndipo mankhwala ake ndi restorecon -v /etc/hosts.

Pa Windows nkhani yake ndi yaifupi. Tsegulani fayilo ya hosts mu Bloco de Notas (Notepad) ngati administrador, apo ayi ikana kusunga, kapena ikukankhirani kosungira kwina. Posunga onetsetsani kuti siinawonjezere .txt, chifukwa hosts.txt ndi fayilo ina imene Windows saiyang'ana, ndipo poti mapeto a mayina amakhala obisika mudzaona mafayilo awiri ooneka ngati amodzi. Musasunge ngati UTF-16. Mukatha lembani ipconfig /flushdns, kenako ipconfig /displaydns kuti muone ngati dzina lanu lalowa. Mukadali momwemo werengani mizere yonse. Mukapeza dzina la banki, la Facebook kapena la kampani ya antivirus litalozedwa ku nambala imene simukuidziwa, dziwani kuti pulogalamu yoipa inadutsapo, ndipo zimenezi sizachilendo pa makompyuta amene amalandira flash ya aliyense.

Tsopano dzina la seva yeniyeniyo. Debian ndi Ubuntu poikidwa amalemba mzere wa 127.0.1.1 wokhala ndi dzina la kompyutayo. Munthu akasintha dzina ndi hostnamectl set-hostname n'kuiwala mzerewu, sudo imayamba kudandaula kuti "unable to resolve host" ndipo imachedwa nthawi iliyonse, chifukwa ikukafunsa kunja dzina la mwini nyumba. Konzani mzerewo, ndipo hostname -f ikubwezereni dzina lathunthu. Koma 127.0.1.1 tanthauzo lake ndi "ine ndemwe", pa kompyuta iliyonse. Mukakopera fayilo ya pa seva n'kuiika pa makompyuta ena momwe ilili, iliyonse izidzifunafuna yokha poganiza kuti ndiyo seva. Komanso pulogalamu imene imasankha pomvetsera potengera dzina la kompyuta ikhoza kukhala pa 127.0.1.1, ndipo pa seva pomwepo zonse zimayenda koma wa pa desiki yoyandikana sangalowe. Seva imene ili ndi adiresi yokhazikika ilembedwe ndi adiresi yake yeniyeni pa mzere umenewo. Mzere wa 127.0.0.1 localhost ndi wa ::1 musaukhudze.

Tanena za adiresi yokhazikika, ndipo m'kuona kwathu apa ndi pamene pali gwero la mavuto ambiri m'chigawo chino. Ngakhale damu la Cahora Bassa lili kwathu konkuno ku Songo, nyengo ya mvula mphepo ndi mphezi zimagwetsa mawaya ndipo magetsi amathima. Akabwera, rauta ndi makompyuta zimadzuka pamodzi. Marauta ena otchipa amaiwala amene anamupatsa nambala iti, ndipo amagawa mwatsopano motsatira amene wayamba kupempha. Seva imachedwa kuyaka, choncho 192.168.1.10 ija ikhoza kupita kwa pulinta kapena foni ya mlonda, seva n'kulandira ina. Fayilo ya hosts ikadali kunena zadzulo. Choipa kwambiri n'chakuti ping kaundula imayankha bwinobwino, popeza pali chinthu china pa nambalayo, ndipo mmisiri amataya maola akufufuza pulogalamu yosalakwa. Pitani pa seva, lembani ip -br addr, muyerekeze ndi zimene zili m'fayilo. Kuti zisabwerezeke, mangirirani nambalayo ku adiresi ya MAC ya seva, nambala ya khadi lake la netiweki, mu rauta, kapena ikani adiresi yokhazikika pa seva, yochokera kunja kwa manambala amene rauta imagawa. Ngati rauta imagawa kuyambira .100 mpaka .199, seva ikhale pa .10. Pa Ubuntu zimenezi zimalembedwa mu /etc/netplan/, ndipo ngati mukukonza muli patali gwiritsani ntchito sudo netplan try, imene imabweza zakale pakatha masekondi 120 ngati simunavomereze. Ulendo wochoka ku Tete kupita ku Furancungo chifukwa cha nambala imodzi yolakwika ndi wowawa. Ngati muli ndi UPS, batire yothandiza magetsi akathima, rauta ndi switch zikhalenso pomwepo, osati seva yokha.

Kusankha dzina nakonso kumafuna nzeru. Ambiri amakonda .local chifukwa limamveka bwino, koma mapeto amenewa anapatulidwira mDNS, njira imene mapulogalamu a Avahi ndi Bonjour amapezera mapulinta, m'chikalata cha malamulo a intaneti chotchedwa RFC 6762 cha 2013. Pa makompyuta ambiri a Linux a pa desiki, mzere wa nsswitch uli ndi mdns4_minimal [NOTFOUND=return] pakati pa files ndi dns. Dzina la .local likakhala m'fayilo ya hosts limagwira, koma tsiku limene mudzalisamutsire ku DNS yanu, kompyuta idzaima pa mDNS osafika ku DNS. Mapeto a .dev ndi a Google, ndipo Chrome ndi Firefox amakakamiza HTTPS pa dzina lililonse lotero. Osatenganso dzina la eni ake pa intaneti. Otetezeka ndi home.arpa, limene linakhazikitsidwa mu RFC 8375 ya 2018, ndi .internal, limene ICANN, bungwe loyang'anira mayina a pa intaneti, linapatula mu 2024 kuti lizigwira ntchito m'kati mokha. Bungwe limene lili ndi dzina lake pansi pa .co.mz kapena .org.mz likhoza kungopanga nthambi pansi pa dzinalo.

Nthawi zina getent imayankha zoona koma pulogalamu ikadakakamira nambala yakale. Ndiye kuti wina akukumbukira zadzulo. Lembani resolvectl flush-caches, kapena nscd -i hosts ngati nscd ilipo, ndipo Chrome mumutseke yense n'kumutsegulanso. Nginx, pulogalamu yoperekera masamba pa seva, amawerenga mayina a mu proxy_pass pamene akuyaka, ndiye amafuna reload, ndipo mukagwiritsa ntchito resolver yakeyake iyo siiwerenga /etc/hosts. Container ya Docker, kabokosi koyendetsera pulogalamu payokha m'kati mwa seva, ili ndi fayilo ya hosts yakeyake, yosiyana ndi ya seva, ndipo zimene mwalembamo ndi manja zimafafanizika ikapangidwanso. Dzinalo liperekedwe ndi --add-host, kapena extra_hosts mu Compose. Pa seva yobwereka ya pa intaneti, ngati zimene mwalemba zimasowa nthawi iliyonse ikayakanso, yang'anani manage_etc_hosts mu cloud-init, pulogalamu imene imakonza seva ikamayaka, ndipo mukonze fayilo ya mu /etc/cloud/templates/ m'malo molimbana ndi /etc/hosts. Ndipo ngati Chrome kapena Firefox akudutsa pa proxy, kompyuta yapakati yowatengera masamba, amene amafufuza dzina ndi proxy, osati kompyuta yanu.

Dzina likamabweretsa nambala yolondola koma tsamba osatseguka, isiyeni fayilo ya hosts, yatha ntchito yake. Pa seva lembani ss -tlnp muone ngati pulogalamu ikumvetsera pa 0.0.0.0 kapena pa adiresi ya seva, osati pa 127.0.0.1 pokha, kenako muone firewall ndi ufw status. Onaninso ngati ServerName ya Apache kapena server_name ya Nginx ikugwirizana ndi dzina limene anthu akulemba. Njira yabwino yoyesera popanda kukhudza fayilo iliyonse ndi curl -v --resolve kaundula.home.arpa:80:192.168.1.10 http://kaundula.home.arpa/ ndipo ikalephera apa, vuto si la dzina.

Fayilo ya hosts ili ndi malire, ndipo tikupempha anzathu awavomereze. Makompyuta atatu kapena asanu mukhoza kuwasamalira ndi manja. Akafika makumi awiri, kusintha nambala imodzi ndi kuyenda desiki ndi desiki, ndipo imodzi idzaiwalika basi. Mafoni a Android ndi iPhone salola n'komwe kusintha fayiloyi mwa njira wamba, pamene aphunzitsi, anamwino ndi ogulitsa ambiri amalowa pa seva ndi foni. Pamenepo ikani dnsmasq pa seva, pulogalamu yaing'ono imene imatenga mayina olembedwa ngati a hosts n'kumayankha aliyense wofunsa pa port 53. Musailole kuwerenga /etc/hosts ya seva ngati muli mzere wa 127.0.1.1, chifukwa idzauza foni iliyonse kuti seva ndi foni yomweyo. Lembani no-hosts, ndipo mayina muwaike m'fayilo ina ndi addn-hosts=/etc/hosts.ofesi. Onjezani local=/home.arpa/ kuti mayina a m'nyumba asamakafunsidwe kunja, komanso listen-address=192.168.1.10 ndi bind-interfaces kuti isalimbirane port ndi systemd-resolved. Mukasintha fayiloyo, systemctl restart dnsmasq. Yesani kuchokera pa kompyuta ina ndi dig @192.168.1.10 kaundula.home.arpa, ndipo pano dig ndiye chida choyenera.

Kenako mu rauta, pa DHCP, gawo logawa manambala, ikani 192.168.1.10 ngati DNS imene aliyense azipatsidwa. Musaike 8.8.8.8, DNS ya Google, ngati yachiwiri poganiza kuti mukuteteza, chifukwa foni ikhoza kufunsa iyo, n'kuuzidwa kuti dzinalo kulibe, n'kukhulupirira, ndipo mudzakhala ndi vuto lobwera lero n'kusowa mawa. Ma DNS akunja alembedwe m'kati mwa dnsmasq ndi server=, kuti iyo ndiyo izikafunsa. Foni imodzi ikakana pamene zina zonse zikulowa, onani zinthu ziwiri. Kuyambira pa Android 9 pali Private DNS, ndipo ikalembedwa dzina monga dns.google foniyo imalambalala DNS ya m'nyumba, choncho muibweze pa automático kapena muizimitse. Chachiwiri, foni ikaona kuti Wi-Fi ilibe intaneti ikhoza kubwerera yokha ku mamega a Movitel, Vodacom kapena Tmcel, kumene kaundula.home.arpa sadziwika. Zimitsani data ya m'manja, lowaninso pa Wi-Fi, ndipo foni ikafunsa ngati ikhalebe pa netiweki yopanda intaneti, vomerani.

Ndife,
Amisiri a makompyuta ndi netiweki,
Ulónguè, Angónia